Kabotolo Kamene Ndinkapita Nako ku Kitengela

Ine ziwengo ndinakula nazo, zija madokotala amati ekizema, zoyabwa mpaka munthu kudzikanda magazi. Ndili kusekondale mnzanga wina anandisonyeza kirimu wa m'kachubu, ndipo kuyambira pamenepo sankachoka m'chikwama mwanga. Ndikapaka madzulo, m'mawa khungu lili see. Nditabwera kudzagwira ntchito ku Nairobi ndinapeza kuti famase ya pafupi ndi nyumba yanga ku Kasarani imagulitsa yemweyo osafunsa kalata ya dokotala. Ndinapaka zaka zoposa makumi awiri, ndipo kapepala ka m'bokosi sindinakawerengepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Kutchalitchi kwathu kuli mayi wina wachitsikana wakwathu ku Malawi, amakhala ku Kitengela. Amanditchula kuti achemwali ngakhale palibe chibale. Atabereka mwana wake woyamba, amayi ake ali kutali ku Dedza, ndine ndinamuphunzitsa kusambitsa khanda. Ndikafika pakhomo ankandilandira chikwama n'kundipatsa mwanayo m'manja ndisanakhale n'komwe, ndipo pobwerera ankandiperekeza mpaka pa siteji ya maminibasi amene kuno amati matatu, ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Mwanayo ali ndi miyezi inayi, masaya ake anatuluka tizidzolo. Ife kwathu mankhwala sitimanana. Wina akati mutu, iwe umapisa m'chikwama. Ndinafinyira kirimu wanga m'kabotolo, n'kusakaniza ndi mafuta a ana, ndi kumupatsa.

"Uzimupaka m'mawa ndi madzulo," ndinamuuza. "Zakuchipatala zisiye, akangokuimika pamzere tsiku lonse."

Pakamwa panga ine ndi potero, ndikalankhula zimamveka ngati ndinaziphunzira. Patatha masiku atatu ananditumizira chithunzi, masaya ali see. Ndinasangalala, ndinaonetsa ngakhale anzanga kuofesi. Kabotolo kakatha ndinkadzazanso, ndipo tinatero miyezi isanu ndi itatu.

Kenako kirimu uja anasiya kundimvera ine mwini wake. Kupaka kawiri, ayi. Katatu, ayi. Ndinapsa mtima n'kumusiyiratu, ndipo sabata isanathe nkhope inatupa, khosi ndi mikono zikuotcha ngati ndathiridwa madzi owira. Khungu linkasupuka n'kumayoyokera pabedi, m'mawa ndinkachita kusesa. M'matatu munthu akakhala pafupi nane ankasendera kuwindo.

Dokotala wa khungu amene ndinakaonana naye, mayi wa ku Kenya konkuno wolankhula motsitsa, anayang'ana kachubu kanga n'kupukusa mutu. Anati m'kirimuyo muli siteroidi wamphamvu, wofunika kupaka masiku owerengeka basi. Khungu langa linali litamuzolowera, tsopano linkalipsa chifukwa ndalimana. Anandiuza za njira ina yatsopano yotchedwa pulazima wozizira. Sanandinamize. Anati ena imawachepetsera kuyabwa ndi kuumitsa zilonda, koma si yochiziratu, khungu lidzapola pa nthawi yake.

Chipangizo chake ndi kanthu kooneka ngati cholembera chonenepa. Amakayendetsa pamwamba pa khungu pang'onopang'ono, kakulira ziii, kakutulutsa kuwala kwa pepo. Sikapweteka. Koma munthu umagona chagada osagwedezeka, ndipo ukagona chotero maganizo amabwera okha. Ine ndinkangoona masaya a mwana uja.

Ulendo wachitatu ndinafunsa. "Adokotala, nanga kirimu ameneyu akamapaka khanda kumaso?"

Anazimitsa chipangizo. "Khanda la ndani?"

"Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandifunsa," ndinanama.

Anandiyang'ana nthawi ndithu. Anati khungu la khanda ndi lopyapyala, limamwa mankhwala kuposa la wamkulu, ndipo mwanayo abwere naye msanga. Asamusiyitse okha mwadzidzidzi, komanso asapitirize kumupaka osaonana ndi dokotala.

Ndinakhala nazo masabata awiri. Ndikunena poyera, ndinkaopa. Kutchalitchi sindinkapita, ndinkati ndi nkhopeyi. Koma chimene ndinkaopa kwenikweni chinali kuima pamaso pa mtsikana uja n'kunena kuti achemwali ako aja sankadziwa kanthu. Masabata awiri amenewo mwana ankapakidwabe m'mawa ndi madzulo, ndipo ine ndinkadziwa. Zimenezi sindinadzikhululukire mpaka lero.

Chimene chinandidzutsa ndi uthenga wake pafoni: "Achemwali, mwasowa. Kabotolo katha."

Loweruka ndinadzifunda mpango n'kukwera matatu awiri mpaka ku Kitengela. Fumbi la kumeneko linkandiluma m'zilonda. Atanditsekulira n'kuona nkhope yanga anagwira pakamwa, koma chikwama anandilandira ndithu, ndipo mwana anandipatsa. Anali atanenepa, akuseka. Nditamuyandikiza kuwindo ndinaona kuti khungu la m'masaya layezuka kuposa pamphumi, lili nyezinyezi, timitsempha tikuonekera.

Patebulo panali kabotolo kaja, kotsukatsuka, kakundidikira.

Ndinavula mpango kuti aone khosi langa, n'kumufotokozera zonse. Sanandidule mawu. Nditamaliza anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Mwadziwa liti?"

Ndikanatha kunena kuti dzulo. "Papita masabata awiri," ndinatero.

Anaimirira, n'kudzamutenga mwana m'manja mwanga bwinobwino, osamukwatula. Anamubereka kumbuyo n'kumanga nsalu. Ndinalemba pakapepala pamene pali chipatala cha dokotala uja, ndi kumuuza kuti Lolemba tipitire limodzi. Kapepalako analandira ndi manja awiri.

"Zikomo. Ndipita ndi bambo ake," anatero.

Ndinatsanzika. Anandifikitsa pakhomo n'kunena kuti muyende bwino. Ndinaima panja pang'ono, ndikuyesa kuti walowa kukavala nsapato monga ankachitira masiku onse. Ndinangomva loko akutembenuka.

Mwanayo anavutika miyezi ingapo, masaya akusupuka, koma pano akupezako bwino. Zimenezi ndimamvera kwa azimayi ena a kutchalitchi. Amayi ake tikakumana amandipatsa moni mwaulemu wonse, mwadzuka bwanji, tadzuka bwino. Mwana akuyenda tsopano. Sabata yatha anandithamangira n'kugwira chitenje changa, ndipo amayi ake anabwera msangamsanga kudzamunyamula.