Kabuku Kodula Pakati

Ndinataya mkazi. Ndinataya mwana wa miyezi isanu amene anali m'mimba mwake. Njira ya kumsika wa Rufunsa nayonso ndinaitaya, chifukwa ndikamadutsa amayi a tomato amaleka kucheza.

Mkazi wanga anali ndi kabuku ka kuchipatala, kaja ka ana a sukulu kodula pakati ndi mpeni. Pachikuto namwino wina analembapo mofiira dzina la mankhwala amene anamutupitsa kukhosi ali mtsikana. Iye dzinalo linkamukanika kutchula. Ankangopereka kabukuko kwa aliyense wovala zoyera.

Kenaka kukiliniki kwathu kunabwera makompyuta. Anamupatsa khadi, nati mbiri yake yonse ili mmenemo, chipatala chilichonse chidzaiona. Ine, wa ku koleji, ndinamufotokozera mmene zimayendera, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo.

Tsiku limene thupi linamutentha, a kukiliniki natitumiza kuchipatala chachikulu, iye anaika kabuku kaja m'chikwama. Amene anakatulutsamo n'kukasiya kunyumba ndine. Kanali kakuda, kothothoka masamba, ndipo ndinkachita nako manyazi.

Tinafika masana pa minibasi. Kalaliki analowetsa khadi m'makina. Panatuluka dzina, mudzi, tsiku lobadwa. Pansi pake panali poyera.

“Zakwanu sizinafike kuno,” anatero. “Netiweki ya uko imavuta.”

Namwino anafunsa ngati pali mankhwala amene thupi lake limakana. Tinati alipo. Anafunsa dzina. Mkazi wanga anandiyang'ana. Chikuto chija ndinali nditachiona kambirimbiri, koma m'mutu munangotsala kufiira kwake. Ndinaimba foni kukiliniki kwathu kuti atiuze dzinalo. Inalira mpaka kuduka yokha.

“Ba sista, dikirani pang'ono,” ndinatero.

“Bambo, thupi latentha kwambiri. Tikadikira titaya onse awiri.” Anali atayamba kale kukoka mankhwala m'jakisoni.

Ndinaima pakati pa namwinoyo ndi bedi, foni ili kukhutu. Odwala ena anatembenuka. Apo mkazi wanga anandikoka malaya, dzanja lake likuwotcha, nandilankhula motsitsa. Ndinamumvera, ndinatuluka. Pobwerera ndinapeza anthu atatu atazinga bedi, iye kukhosi kutatseka, mawu osatulukanso.

Pondikoka malaya paja anati, “Imwe, asiyeni agwire ntchito yawo. Pitani panja mukayesenso kuimba. Ine mundipeza pompano.”