Ndinkatsika pachulu dala

Kwathu kufupi ndi Edingeni netiweki imagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa khola. Lamlungu lililonse ndimakwera pamenepo kukasewera makadi pa foni ndi akulu anga a Wongani, amene ali ku Joni, pamodzi ndi anzawo awiri. Ndi nthawi yokhayo imene ndimacheza nawo.

Vuto langa ndi manyazi, ndimaopa kugonja pamaso pa anthu akuluakulu. Choncho makadi akandiipira ndinkatsika pachulupo pang'onopang'ono mpaka netiweki ithawe. Ndinkaima pansi n'kumayang'ana ng'ombe, iwo akundidikira mpaka masewera afe okha. Kenako ndinkakweranso n'kulemba kuti, "Pepani akulu, netiweki." Ndinkadzitonthoza kuti limeneli si bodza kwenikweni.

Sabata yatha a Wongani anandiimbira. "Iwe, netiweki yakoyo imadziwa makadi chomene, ukagwira abwino siithawa! Chulu chimenecho ndimachidziwa, ndinkaimbirapo alamu ako ndisanawakwatire. Anzangawa atopa, akuti tipeze wina."

Ndinayankha kuti mwina ndi mitambo, chonsecho kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Iwo anangoti, "Mbwenu, basi," n'kudula foni.

Dzulo ndinawalembera onse atatu kuti ndinkatsika dala. Andiyankha, ndipo andipatsa mwayi umodzi wokha. Lamlungu likubwerali ndikwera ndi kampando, ndikakhale pansi. Kaya makadi aipe chotani, kaya linthumbu lindilume, sindisuntha. Ndidzatsika masewera atatha, ngakhale nditagonja onse akuona.