Mwana wa Kuseri kwa Sitolo

M'dera la Mkhumba ku Phalombe muli kamsika kena komwe aliyense wofuna kusoketsa yunifolomu ya mwana amafunsa za Sumayya. Ndi mayi wamtali, woyererako khungu, wolankhula pang'ono. Duku savula ngakhale kutenthe bwanji. Ali mwana, anzake ankamukoka tsitsi kuchitsime chifukwa linali lofewa ndi lalitali, uku akumuimba kuti, "Kamwenye, bambo ako ali kuti?" Kuyambira nthawi imeneyo analibisa tsitsilo.

Bambo akewo ankadziwika ndi aliyense. Anali Abdulrahim, mmwenye amene anatsegula sitolo pamsikapo ali mnyamata. Ankagulitsa nsalu, mchere ndi palafini, n'kumagula nandolo kwa alimi. A Fainess, mtsikana wa m'mudzi momwemo, analembedwa ntchito yosesa ndi kuphika, ndipo posakhalitsa anayamba kugona m'chipinda cha kuseri kwa sitolo. M'chipindamo ndi momwe Sumayya anabadwira. Dzina anamupatsa ndi bambo akewo.

Boma litalamula kuti amwenye achoke kumidzi akachitire malonda m'matauni, kunabwera lole. Anapakira nsalu, sikelo, mashelefu, ngakhale bedi limene a Fainess ankagonapo. Abdulrahim ananena ali kale m'galimoto kuti, "Ndikakhazikika ku Limbe ndidzakutengani."

Anakhazikikadi. Anakwatira mkazi wochokera kwawo, namanga magodauni, nyumba zosungiramo mbewu. A Fainess anapitako kamodzi, atagulitsa mbuzi kuti apeze ya basi, Sumayya ali wa msinkhu woyamba sukulu. Mlonda wa pageti analowa kukanena, ndipo potuluka anali ndi chibonga m'manja. Mayiwo sanabwererekonso mpaka imfa yawo.

Sumayya anakula ali wopanda mbali. Kutchalitchi ankadabwa ndi dzina lake, kumzikiti sankamudziwa. Anakwatiwa ndi msodzi wa ku Chilwa amene anamusiyira ana n'kulowera ku Mozambiki. Kenako anaphunzira kusoka, ndipo atagula makina ake anachita lendi khonde la sitolo yakale ija kwa a Phillip, amene anaigula itayamba kugumuka. Anthu ankati akulondola fungo la bambo ake. Iye ankangoti pamsika ponse khonde losadontha linali lomwelo.

Tsiku lina m'mawa mnzake Loyce, wogulitsa tomato, anabwera akuthamanga ndi foni m'manja.

"Achemwali, taonani nkhope iyi. Si bambo anu awa?"

Pachithunzipo panali nkhalamba ya ndevu zoyera. Nkhani inkati boma la India lasankha mkuluyo kuti alandire ulemu umene limapatsa anthu ake ochita zazikulu m'maiko akunja. Ankamutama kuti anakweza alimi a nandolo, anamanga zipatala, ndiponso kuti ndi bambo wachitsanzo wa ana atatu.

"Atatu," anatero Sumayya, n'kubweza foniyo. Anapondanso makina mwamphamvu mpaka ulusi unaduka.

Sabata yotsatira a Phillip anapaka laimu kutsogolo kwa sitolo, chinthu chimene sanachitepo chiigulireni. Anati kukubwera alendo odzajambula filimu yokaonetsa kumwambo wa ulemu uja ku India, yosonyeza pomwe bwana wamkulu anayambira. Alendowo anali atawalonjeza malata atsopano.

"Ndiye mawa makina anuwa mukayambe mwawaika kuseri, mayi. Pakhonde pazioneka paukhondo."

"Kuseri ndinachokako kale," anayankha Sumayya.

A Phillip anaseka poyesa nthabwala.

Magalimoto anafika dzuwa litakwera, fumbi lili koboo. Munatuluka anyamata onyamula makamera, kenako bambo wina wovala bwino, wa zaka zocheperako kwa Sumayya. Ameneyu anali Abdulrazak, mwana woyamba wa mkazi wa ku Limbe. Anapeza Sumayya atakhala pakati penipeni pa khonde, akusoka siketi ya buluu.

"Mayi, pepani," anatero mwaulemu m'Chichewa chabwino. "Tingakupempheni kuti musunthe pang'ono? Sitichedwa."

"Mukujambula chiyani?"

"Mbiri ya bambo anga. Sitolo yawo yoyamba ndi ino."

"Ndiye jambulani. Inenso ndine katundu wa m'sitolo muno. Lole inandiiwala."

Amayi a tomato anasiya malonda n'kuyandikira. A Phillip anayamba kutuluka thukuta, akunong'oneza Abdulrazak kuti mayiyu mutu wake suyenda bwino. Pamenepo chitseko cha galimoto yakumbuyo chinatseguka, ndipo nkhalamba ija inatsika pang'onopang'ono itagwira ndodo. Inayang'ana denga, zipilala, kenako mayi wa pamakina. Inaima osayendanso.

Sumayya anaimirira. Anamasula duku pamaso pa msika wonse, tsitsi la imvi n'kugwera m'mapewa. Loyce anagwira pakamwa.

"Mwandidziwa?"

Mkuluyo anamuyang'anitsitsa. Kenako anafunsa kuti, "Fainess ali kuti?"

"Ali kumanda, kuseri kwa tchalitchi. Mukawajambulenso. Mtanda wake ndi wa mtengo, chiswe chadya mbali imodzi."

Abdulrazak anatembenukira kwa bambo ake n'kuwafunsa kanthu m'chinenero chawo. Anafunsanso mokweza. Mkuluyo maso anali pa Sumayya basi.

"Mwana wanga, inali nthawi yovuta. Boma linatithamangitsa."

"Boma linakuthamangitsani ku Phalombe. Nanga pageti la ku Limbe anatithamangitsa ndani? Mlonda uja chibonga anachitenga yekha?"

Mnyamata wa kamera anaitsitsa pansi. Mkuluyo anatambasula dzanja ngati akufuna kumugwira paphewa, koma Sumayya anabwerera m'mbuyo.

"Musandikhudze. Dzanja limenelo mukalandirire mendulo. Akakakufunsani kumeneko kuti ana muli nawo angati, mukawerenge bwino. Ndipo mawu oti mwana wanga musawatchulenso pano. Amene anali ndi ufulu wonditchula choncho anafa akusenza nandolo wa ganyu wopita kumagodauni anu."

Abdulrazak anagwira bambo ake pamkono n'kuwabwezera m'galimoto. Sanajambule chilichonse. Magalimoto atangokhota, a Phillip anaphulika.

"Mwandiphera malata anga! Chotsani makina anu lero lomwe!"

Sumayya sanapepese. Iye ndi Loyce ananyamula makinawo n'kuwoloka nawo msewu, nakawaika pansi pa mtengo wa mango. Pamenepo fumbi limadetsa nsalu, ndipo mvula ikayamba ntchito imaima. Makasitomala ena anamutsatira. Ena anamusiya, akuti ndi mayi wamwano amene anachititsa manyazi nkhalamba pagulu, komanso wopusa, chifukwa akanalankhula bwino bwenzi pano ali m'nyumba ya magetsi.

Ulemu uja unaperekedwa. Amene anaonera pa kanema anati mkuluyo anavekedwa mendulo anthu akuomba m'manja, ndipo m'filimu munaoneka sitolo ina ya kwina, yopakidwa utoto bwino. Loyce atayamba kufotokoza, Sumayya anamudula.

"Undiuze mtengo wa tomato, zinazo ayi."

Nyengo yokolola nandolo itafika, galimoto imodzi inaima pafupi ndi mtengo wa mango uja. Anatsika Abdulrazak yekha. Anaima kanthawi akusisita makiyi m'manja.

"Achemwali," anatero. "Ine sindinkadziwa. Kunyumba sitinauzidwepo. Bambo akudwala, ndipo akufuna kukuonani."

Sumayya sanadzutse mutu. Anakhotetsa kolala ya malaya pansi pa singano.

"Inu mlandu mulibe, achimwene, ndipo ndilibe nanu mawu. Iwowo msewu wa kuno akuudziwa. Ayambe apita kwa mayi anga, akagwade pamanda paja anthu akuona. Akatero mudzandiuze."

"Sangathe kuyenda ulendo wautali chonchi."

"Ku India anafika."

Abdulrazak anayang'ana sitolo ya tsidya lina la msewu, pomwe a Phillip anali ataikapo wokonza njinga, kenako anabwerera m'galimoto.

Itapita, Sumayya anapeza kuti wasokerera kolala chagada. Anakhala osagwira kanthu mpaka mtima unatsika. Kenako anatenga lezala n'kuyamba kusomola ulusi, chifukwa mwini malayawo anali atanena kuti abwera madzulo.