Mai Jesinta ku Msonkhano wa Osiya Mowa

Mumsika wa Bangula, Mai Jesinta amakhala kumapeto kwa mzere wa nsomba, komwe mthunzi sufika. Amagulitsa milamba yowamba. Ndi mayi wamtali, wa maso ofiira ndi utsi, wosalankhulalankhula.

Kachasu anayamba kumwa amuna awo atamwalira. Poyamba kanali kakapu kamodzi kokopera tulo. Kenaka anayamba kupezeka atagona pambali pa dengu dzuwa lili paliwombo, ana akutola nsomba. Mwana wawo Jacqueline anatopa nazo, nasamukira kwa azakhali ake ku Nchalo.

Mowawo anausiya atalowa kagulu kokumana Lachitatu lililonse kuseri kwa tchalitchi. Ena onse m'kagulumo anali abambo. Iwo akamafotokoza za kuledzera kwawo ankatha kusekana, koma Mai Jesinta ankangoyang'ana pansi. Mwamuna akasiya mowa anthu amamuyamikira. Mkazi ayi. Zaka zinkapita, koma kumsika ankawatchulabe kuti chidakwa chija.

Tsiku lina a Tomasi, mtsogoleri wa kaguluko, amene kale ankadula nzimbe, anawauza kuti ku Blantyre kukhala msonkhano waukulu wa anthu osiya mowa ochokera m'maiko ambiri, ndipo gulu lasankha iwo.

"Ine ndatopa, achimwene," anatero Mai Jesinta. "Chizungu sindimva. Ndikatani kumeneko?"

"Mukangokhala pansi, mayi. Zomwezo zikwanira."

Anapita mokakamizika. Minibasi inawasanzitsa pokwera mapiri a Chikwawa, ndipo anafika miyendo itatupa. Ku Blantyre kunali chisanu chomwe thupi lawo silinazolowere. Holo inali yodzaza: azungu, amwenye, anthu akuda a zilankhulo zachilendo. Womasulira ankathamanga kwambiri moti mawu ambiri ankawadutsa. Anakhala kumbuyo atadzikulunga chitenje, akuganiza za nsomba zomwe anasiyira mnzawo.

Mawa lake amayi anaitanidwa kuchipinda chawochawo. Mai Jesinta anaima pakhomo osalowa. Munali amayi ochuluka ngati a mvano pamaliro. Ena anali okalamba, ena oyamwitsa, ena ovala ngati ogwira ntchito kubanki.

"Onsewa ankamwa?" anadzifunsa mokweza, m'Chisena.

"Tonsefe, mama," anayankha wina m'Chisena chomwecho.

Anali mayi wamfupi wa ku Beira, namwino, dzina lake Immaculate. Anawagwira dzanja nkuwakhazika pambali pake, nayamba kuwanong'oneza zomwe ena ankanena. Mayi wa ku Kenya ankabisa botolo m'thumba la ufa. Wa ku Brazil analandidwa ana. Immaculate mwini wake anasiya, kugwa, kusiyanso, kugwanso, mpaka ntchito inatsala pang'ono kutha.

Itafika nthawi yawo, Mai Jesinta anaimirira. Ananena dzina lawo, kwawo, ndi za dengu lija. Kenaka anakhala pansi. Palibe anaseka, palibenso anadabwa. Mayi wina wa imvi anangogwedeza mutu ngati akumva nkhani yake yomwe.

Atabwerera anapeza zonse zili momwe anazisiyira. Jacqueline sanaimbe foni. Nsomba zina zinali zitafumbwa. Kutentha kunali komwe kuja, miseche yomwe ija. Kwa sabata yathunthu msana sunawalole kuwerama bwino.

Chatsopano n'chakuti Immaculate amawatumizira mawu pafoni. Nthawi zina ndi moni chabe, nthawi zina amati lero zandivuta, ndilankhuleni. Mai Jesinta sanazolowere kuti munthu wophunzira angawadalire iwo, koma amayankha, ali pomwepo pamzere wa nsomba, ntchentche zikuwazungulira.

Patapita miyezi, Anita wogulitsa mapira anabwera kudzagula mlamba nthawi yoti msika wazilala. Anasankha nthawi yaitali, akununkha mowa. Potsiriza anafunsa osawayang'ana.

"Kodi kuja munapita kuja, akazi analiko?"

"Analiko, mng'ono wanga. Chipinda chodzaza."

Tsopano Lachitatu amapita awiri kukagulu kaja. Anita amajomba kawirikawiri, ndipo tsiku lina anafika ataledzera nkugona pabenchi mpaka pemphero lotsekera. A Tomasi anafuna kumudzudzula, koma Mai Jesinta anati amusiye, wabwera basi. Anamudzutsa, namuperekeza kwawo pang'onopang'ono m'fumbi lotentha, akupumira m'mithunzi ya mitengo, kenaka nkubwerera kukasonkha moto wowambira nsomba za mawa.