Mzere wa Ndowa wa Amayi Dailesi

Sindinazolowere kutama munthu. Ku sukulu ya mishoni kumene ndinaphunzira ankatiuza kuti ukagwira bwino ntchito wangochita zimene unayenera kuchita, ndipo ndinakula ndi mtima umenewo. Choncho zimene ndilembe pano za Amayi Dailesi Chimbalanga ndi zokhazo zimene ndinaona ndi maso anga ku Mgona m'chaka cha 1996.

Amayiwa anachokera ku Dowa, kutsatira amuna awo amene ankanyamula mabelo a fodya ku Kanengo. Amunawo atamwalira, iwo sanabwerere kumudzi. Anayamba kukazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pafupi ndi mpopi, umene unali umodzi wokha kumbali yathu yonse. Madzi ankabwera cha m'ma seveni, likafika dzuwa pamutu n'kusiya. Amayi a m'deramo ankalawirira kukandandalika ndowa, ndipo mzere unkafika kuseri kwa chigayo. Lamulo la pampopi linali lakuti malo ndi a ndowa, osati a munthu. Ukachotsa ndowa yako, wataya malo. Ukaisiya n'kupita kutali, uipeza itakankhidwira kumbuyo, kapena osaipezanso.

Amayi Dailesi sankadziwa kulemba ngakhale dzina lawo. Koma pokhala pamenepo tsiku ndi tsiku, ndiwo ankathetsa mikangano ya pamzere, ndipo akanena kuti uyu ndiye anayamba kufika, nkhani inkathera pomwepo.

Chaka chimenecho boma linalengeza kuti lapereka thandizo lotukulira madera ngati athu, koma chomanga asankhe anthu eni ake. Tinapanga komiti. Wapampando anali Abambo Greyson Mwale, a golosale, ndipo ine ndinali mlembi. Ambiri a m'komitimo tinkafuna holo yochitiramo misonkhano ndi maukwati. Tsiku losankha ndinatchula ndine: Loweruka, naini koloko m'mawa, pabwalo la mpira. Za madzi sindinaganize n'komwe. Kunyumba ndinkangopeza madzi ali m'beseni, ndipo sindinafunsepo kuti amafika bwanji.

Tsikulo litakwana, pabwalo panadzaza abambo. Mayi wochokera ku boma, amene anabwera kudzawerenga manja, anamwazamwaza maso nafunsa kuti, "Kodi ku Mgona kulibe akazi?"

"Tinawaitana, madamu. Sanabwere okha," anayankha Abambo Greyson.

"Hafu teni ndiwerenga manja a amene alipo, chifukwa akundidikira ku Area 25. A mlembi, thamangani mukawaitane."

Ndinawapeza onse kumpopi. Nditangoyamba kufotokoza, Amayi Lena, aja osasowa chonena, anandidula.

"A mlembi, mwabwera ndi ndowa, kapena mutungira m'tayeyo?"

Mzere wonse unafa ndi phwete.

"Tichoke pano, madzi asiye, ana athu mukawasambitse ndi malovu?" anatero wina. "Holo yanuyo mukamwe nokha!"

Apo Amayi Dailesi anavundikira beseni lawo la zitumbuwa naimirira.

"Abambo, mwati akawerenga manja?"

"Inde, amayi."

"Dzanja la mkazi akaliwerenga chimodzimodzi ndi la mwamuna?"

"Chimodzimodzi."

"Ndipo madzi alipo pa zosankhazo?"

"Alipo, wina akawatchula."

Sanandifunsenso kanthu. Anang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje chawo n'kumanga pampopi, kusonyeza kuti asatunge munthu. Kenaka anayamba kuyenda m'mbali mwa mzere, pang'onopang'ono, akukhudza ndowa iliyonse ndi chala n'kuyang'ana mwini wake kumaso. Ine ndinkawatsatira ndikuwerenga chamumtima, monga mwa chizolowezi changa. Ndowa, zigubu ndi mabeseni zinakwana zana limodzi ndi khumi ndi zitatu. Atafika kuchigayo anatembenuka.

"Nyamulani ndowa zanu, tiyeni. Aliyense adzabwerera pamalo pake. Ndikalakwitsa ngakhale mmodzi, musadzandimverenso pampopi pano."

Kenaka Amayi Lena, amene anali achitatu kuchokera kumpopi, anawerama n'kunyamula ndowa yawo. Enawo anatsatira.

Phokoso la ndowa zopanda madzi linafika pabwalo ife tisanafike. Ndinaona abambo akudzuka pamabenchi, ndipo Abambo Greyson anandithamangira. "Kodi kwagwa maliro?" anandinong'oneza. Ndinangopukusa mutu.

Amayi Dailesi sanalankhule zambiri. Anagwada monga mwa ulemu, nati, "Ife tikupempha mipopi. Ndathokoza." Mayi wa ku boma atati ofuna holo akweze manja, manja anakwera ndithu, koma ena anayamba kutsika eni ake ataona akazi awo akuwayang'ana. Bambo wina anayerekeza ngati amangokanda m'mutu. Mayi wa boma uja atati ofuna madzi, amayi aja sanakweze manja okha. Anakweza ndowa. Langanso dzanja ndinalikweza, mochedwa pang'ono.

Koma chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi chinachitika titabwerera kumpopi. Nthawi inali itatha, madzi akanatha kusiya nthawi iliyonse, ndipo aliyense mtima unali m'mwamba. Amayi Dailesi anaima pamwala n'kuyamba kuitana. Ena ankawatchula maina, ena mfunda, ena dzina la mwana, ndipo amene sankawadziwa ankawatchula ndi ndowa zawo: "Inu a ndowa yopanda chogwirira. Inu a chigubu chachikasu chomata ndi phula." Sanabwereze, sanakayike. Munthu aliyense akaikidwa, ankayang'ana wa kutsogolo ndi wa kumbuyo kwake n'kukhala chete.

Mmodzi yekha, mtsikana wina dzina lake Emily, anayesa kulowerera pakati.

"Emily mwanawe, unali kumbuyo kwa Nasibeko, ukusenda nzimbe. Makoko ako ndi awo ali apowo."

Anthu anayang'ana, makoko analipodi. Emily anabwerera akuseka ndi manyazi.

Ine ndinaphunzira kuloweza ndime za m'Buku Lopatulika ndi ndodo ili pambali, ndipo ndinkadziyesa wakhama. Koma tsiku limenelo ndinaima ndi kope langa m'manja osalembamo kanthu. Madzi anasiya kutatsala amayi makumi awiri ndi anayi. Amayi Dailesi analamula kuti amenewo adzayambe ndiwo mawa, ndipo m'mawa mwake, ndisanapite ku tchalitchi, ndinakaona ndekha akuwandandalika mmene analili.

Tinaumba njerwa, tinatuta mchenga, ndipo chaka chotsatira mipopi inayi inatsegulidwa. Mzere uja unatha. Pamodzi ndi mzerewo panathanso ogula zitumbuwa, pakuti munthu wotunga n'kumapita sakhala ndi nthawi yomva njala. Tsiku lina ndinawapeza Amayi Dailesi atasenza beseni lawo, akulowera njira ya ku Kanengo kukagulitsa pazipata za mafakitale, ulendo wautali kwa munthu wa msinkhu wawo. Ndinawafunsa ngati ankadziwa kuti zidzatero.

"Nanga ndikanalephera bwanji kudziwa? Si ndimagulitsa ndine?" anatero. "Tapatukani, abambo, zingandizizirire."

Ndinavula chipewa n'kuwapatukira.