Mavu a M'chigafa

Ndikukumbukira tsiku limene bambo anandipatsa ukapitawo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kwathu kufupi ndi Chamama. Fodya wosoka anali ataunjikana pabwalo, kumwamba mitambo itada bii. Akananyowa, thukuta la chaka chonse likanapita pachabe. Bambo anathamangira kumunda kukatuta wotsala. Anandisiyira ang'ono anga atatu ndi mlongo wanga Esinati kuti tipachike fodyayo m'mwamba mwa chigafa, chisakasa chaudzu chomwe tinkaumitsiramo fodya.

Vuto linali limodzi. Kudenga kunali chisa cha mavu, ndipo ine ndinali nditachiona m'mawa.

Ndinaima pakhomo n'kuyamba kulankhula ngati wandale. Ndinati mitengo ndi yolimba, mavu anasamuka kalekale, ndipo wokwera woyamba ndidzamutama pamaso pa bambo. Anawo ankangondiyang'ana, miyendo ili nji.

"Achimwene," anatero Esinati, "ngati mavu anasamuka, thumba la feteleza mwavala kumutulo ndi la chiyani?"

Ndinati ndi la mvula. Mvula inali isanayambe, komanso tinali pansi pa denga.

Bambo anatipeza tikukanganabe. Sanakalipe. Anatula mtolo n'kukwera okha. Posakhalitsa tinamva, "Mayo ine!" Atasuzumira pansi, mlomo wawo unali utayamba kale kufufuma ngati mandasi m'mafuta.

"Alipodi, ndipo ndi aukali," analankhula movutikira. "Ali pakona ino. Ine ndikhala konkuno. Inu yambirani uko, koma osagwedeza nsichi."

Nthawi yomweyo ana aja anakwera ngati apusi. Ndinangoti kukamwa yasa. Ine ndinawalonjeza mtendere, anakana. Bambo anawalonjeza mavu, anavomera. Madontho oyamba anagwa fodya yense ali m'mwamba. Chilango changa chinali kupatsira bambo fodya pakona ya mavu ija, mutu uli pamtetete. Mavu awiri anandiluma, khutu limodzi lomwelo.

Posachedwapa mwana wanga amene akuphunzira unamwino anandiuza kuti mu ubongo muli kachigawo kokhala ngati mlonda. Kamayesa nkhope, liwu ndi kaimidwe ka munthu tisanamalize n'komwe kumva zimene akunena, ndipo kakakayika, thupi limakana. Sindinamutsutse.

Lero ndimatsogolera kalabu ya alimi. Ndikafuna kuti anzanga ayese kalimidwe katsopano, ndimayamba ndawauza pamene angapwetekere. Kenaka ndimakayesa ndekha m'munda mwanga wa m'mbali mwa msewu, pamene zikakanika aliyense wodutsa adzandiseka.