Thobwa la M'chigubu cha Buluu

Amuna anga ankagwira ntchito yopopera mankhwala opha udzu m'minda ya tiyi. Tsiku lina anabwera ndi chigubu cha buluu, cholimba, cha chotsekera chabwino. Anati akapitawo anawauza kuti zigubu zotere azizibowola, koma ichi anachiona chabwinobwino. Ndinachitsuka katatu ndi sopo ndi phulusa, n'kuchiyanika padzuwa. Kafungo kanatsalabe. Ndinakamva ndithu.

Sabata yomweyo kwathu ku Milonde kunali chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, ndipo ine anandipatsa ntchito yophika thobwa. Ndowa zitadzaza, lotsalalo ndinathira m'chigubumo likadali lofunda, n'kutseka. Linagonamo masiku awiri.

La m'chigubulo ndinapereka kwa alendo akuchimuna, poti ndinkafuna aone kuti ifenso tili ndi ziwiya. Dzuwa lisanalowe ena anayamba kusanza ndi kupotokola m'mimba. Bambo wina wachikulire ndi mtsikana woyembekezera anawathamangitsira kuchipatala pa njinga zamoto.

Anthu analoza chala mlamu wanga, mkazi wa achimwene, amene anaphika nyama ya mbuzi. Ankati anaiphika dzulo lake n'kuisiya kuti ivunde. Ena ankanong'ona kuti ukwatiwo sankaufuna. Ine ndinali pomwepo, ndikutsuka mbale, kukamwa kuli chete. Namwino wa kuchipatala kuja atafunsa kuti thobwa linasungidwa m'chiyani, ndinayankha kuti m'ndowa.

Odwala onse anachira, mtsikana uja anabereka bwino. Koma mlamu wanga anasiya kuitanidwa kukaphika, kaya pamaliro kaya paukwati. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, ndipo ine ndinkayang'ana m'buku la nyimbo kuti maso athu asakumane.

Nandolo atakhwima ndinapita kwawo. Ndinawapeza pakhonde akusenda nandolo m'lichero. Ndinafotokoza zonse nditazolika, iwo manja osaleka ntchito.

"Alamu, fungo lija ndinalimva tsiku lomwelo potunga thobwa," anatero. "Ndinkadikira kuti munene nokha."

Sanandikalipire. Anangondiuza kuti Lamulungu, akubanja akasonkhana, ndikabwereze mawu omwewo pamaso pa onse, akuchimuna alipo. Ndinakanena nditaimirira. Achemwali anga anakhala osandiyankhula mpaka mvula yoyamba itagwa. Mlamu wanga anayambanso kuitanidwa kukaphika, koma ntchito ya thobwa palibe amene anandipatsanso, ndipo ine sindinaipemphe.